Sefa za Mpweya ndi Fumbi la Mtovu ku Kabwe

Mgodi wa Broken Hill, umene unabala tauni ya Kabwe m'chigawo chapakati cha dziko la Zambia, unatsekedwa mu 1994, koma milu ya zotsalira zake inasiyidwa pamtetete, ndipo chibwerereni makampani ndi anthu wamba pa miluyo kukafukula zinki ndi mtovu zimene ng'anjo zakale zinalephera kutulutsa, nkhani ya mmene wogwira ntchito m'fumbi lotere angatetezedwere yabukanso. Yankho limene mainjiniya ambiri amalikonda ndi lakuti mpweya uzisefedwa, ndiko kunena kuti uzikokedwa ndi mafani n'kudutsitsidwa mu sefa zogwira fumbi usanafike pamphuno pa munthu, ndipo oganiza motere amafuna kuti boma lisamapereke chiphaso cha ntchito kwa kampani yopanda zipangizo zimenezi. Pali ena amene sakana kuti sefa imagwira fumbi, koma amaona kuti ku Kabwe kudalira sefa kungateteze anthu owerengeka pamene kukutsegula njira yoti fumbi lochuluka litibulidwe, ndipo mbali ziwirizi zili ndi mfundo zoti munthu azilingalire mofatsa.

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopa mu 1902, ndipo T. G. Davey, amene anaipeza, anatcha malowo dzina la mgodi wotchuka wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo mu 1925 damu la pamtsinje wa Mulungushi linayamba kupereka magetsi kumgodi, zimene zinachititsa kuti patapita zaka zochepa zinki ayambe kuyengedwa ndi mphamvu ya magetsi. Kuyambira mu 1925 mpaka 1974 kampani ya Anglo American inali ndi gawo pa mgodiwu. Boma linalowa m'migodi potsatira mfundo za chuma zimene Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu 1968 ndi ku Matero mu 1969, ndipo kuchokera mu 1982 mpaka potseka mgodi unali m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM. Zaka zonsezi zinasiya zotsalira zoposa matani mamiliyoni 6, kuphatikizapo mulu wakuda umene anthu amautcha Black Mountain, ndipo m'chilimwe mphepo, imene nthawi zambiri imachokera kum'mawa, imaulutsira fumbi la miluyi kumakomboni a Kasanda ndi Makululu.

Fumbi limene limavulaza kwambiri m'migodi si limene maso amaliona, chifukwa lokhuthala lija limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kulitsokomola. Loopsa ndi lochepera mamayikulomita 10, podziwa kuti mayikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita ndipo tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamayikulomita 70. Tinthu ta mamayikulomita 4 kupita pansi timatha kuyandama mumpweya kwa nthawi yaitali ndi kufika m'timatumba ta mkati mwenimweni mwa mapapo. Fumbi lotere likakhala la silika, mwala umene umapanga mchenga wambiri, limasiya zipsera m'mapapo, matenda otchedwa silikosisi amene alibe mankhwala ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Miyala ya ku Kabwe ili mu dolomite, mwala wa m'gulu la laimu, choncho mdani wamkulu kumeneko si silika monga ku Mufulira kapena ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, koma mtovu, umene umalowa m'magazi podzera m'mapapo ndi m'matumbo momwe, umakhazikika m'mafupa kwa zaka makumi angapo, umawononga impso ndi mitsempha, umakweza kuthamanga kwa magazi, umachititsa amayi kupita padera, ndipo mwa mwana umalemaza ubongo mosabwezeka. Kusiyana kumeneku kwa silika ndi mtovu ndiko kumasenza gawo lalikulu la mtsutsowu.

Kusefa mpweya pamgodi kumachitika m'njira ziwiri zikuluzikulu. Njira yoyamba ndi yotsekera munthu mkati: chipinda cha woyendetsa makina okumbira kapena lole yonyamula miyala chimamatidwa bwino m'zitseko ndi m'mawindo, fani imalowetsa mpweya wakunja kudzera mu sefa, ndipo chifukwa mpweya wa mkati umakhala wopanikizika pang'ono kuposa wakunja, pamene pali kampata mpweya umatulukira panja m'malo moti fumbi lilowe. Njira yachiwiri ndi yotsekera fumbi mkati: pamakina ophwanya miyala, pamene lamba amakhuthulira miyala, ndi pakamwa pa ng'anjo pamaikidwa chivundikiro chokoka mpweya, umene umapita m'mapaipi kukalowa m'chinyumba cha matumba ansalu ataliatali chimene mainjiniya amachitcha baghouse, momwe fumbi limatsalira pansalu ndipo limakutumulidwa nthawi ndi nthawi ndi mpweya wamphamvu. Sefa zapamwamba zotchedwa HEPA zimagwira magawo 99.97 pa magawo 100 aliwonse a tinthu ta mamayikulomita 0.3.

Mbali yovomereza imayamba ndi mfundo imene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwirizanapo dziko lonse, yakuti chitetezo chodalira makina chimaposa chitetezo chodalira khalidwe la wantchito. Masiki, ngakhale ya mtundu wa N95, imateteza pokhapokha itamatirira bwino kumaso, ndipo ndevu, thukuta kapena lamba wotha mphamvu zimatsegula mpata umene fumbi limadzera. Munthu wogwira fosholo padzuwa la mu Okutobala amaitsitsira pachibwano kuti apume, ndipo palibe kapitawo angamuyang'anire maola 8 osaphethira. Chimene ovomereza amadana nacho kwambiri pa masiki n'chakuti ndi yotsika mtengo kwa bwana ndipo imasamutsira mlandu kwa wantchito, popeza akadwala zimanenedwa kuti sanavale. Sefa ya m'chipinda cha woyendetsa kapena ya pamakina ophwanya miyala imagwira ntchito munthu akumbukire asakumbukire, ndipo ikalephera, wolakwa amadziwika kuti ndi mwini makina.

Umboni umene amapereka si wongopeka. Bungwe la boma la America lofufuza za umoyo wa pantchito, NIOSH, lakhala likuyesa zipinda zotere m'migodi kwa zaka zambiri ndipo lapeza kuti chipinda chomatidwa bwino, chokhala ndi sefa ya mpweya wolowa ndi ina yosefa mpweya wozungulira mkati, chimachepetsa fumbi ndi magawo oposa 90 pa 100. Mu 2021 panatuluka muyezo wa dziko lonse, ISO 23875, umene umanena kuchuluka kwa fumbi lololedwa m'chipinda cha woyendetsa, kupanikizika kwa mpweya koyenera, ndiponso malire a mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma, poti chipinda chotsekedwa kwambiri chingathe kumugonetsa tulo dalaivala ali pantchito. Kwa ovomereza, ubwino wa muyezo wotere ndi wakuti umayezeka: woyendera migodi wa boma angathe kukwera m'makina, kuwerenga kachipangizo ndi kuimitsa ntchito pomwepo, pamene lonjezo lakuti kampani izithira madzi pamsewu limakwaniritsidwa tsiku la alendo lokha. Amakumbutsanso kuti Zambia inavomereza mu 1999 pangano la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO nambala 176 la chitetezo ndi umoyo m'migodi, kuti inakhazikitsa mu 2010 lamulo la umoyo ndi chitetezo pantchito, ndipo kuti kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 wa ku Nkana ndi Mufulira anapeza kuti mpweya wambiri woyezedwa kumeneko unali ndi silika wopitirira malire a ku America, malire amene mu Epulo 2024 anatsitsidwanso m'migodi ya dzikolo kufika pa mamayikulogalamu 50 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Kwa amene amati zipangizozi n'zodula, ovomereza amaloza ku South Africa. Msonkhano wa mayiko pa za silikosisi unachitikira ku Johannesburg mu 1930, kusonyeza kuti chiyambi cha matendawa chinali chodziwika kalekale, komabe panapita zaka 88 kuti makampani a golide avomere mu 2018 kupereka marandi mabiliyoni 5 kwa odwala, ndalama zimene zikugawidwa ndi Tshiamiso Trust ndipo Amalawi ambiri amene anapita ku Joni kudzera ku mabungwe olemba antchito a Wenela ndi TEBA akhala akuziyembekezera mpaka ena kumwalira. Sefa ikadakhala yotsika mtengo kuposa chipepeso chimenechi, ndipo ku Kabwe ili ndi phindu lina, lakuti fumbi logwidwa m'matumba a pang'anjo limakhala lodzaza ndi zinki ndi mtovu, moti lingabwezedwe m'ng'anjo n'kugulitsidwa.

Mbali yotsutsa siilimbana ndi ziwerengero zimenezi, koma imafunsa kuti mwa anthu onse amene amapuma fumbi la ku Kabwe pantchito, ndi angati amene ali mkati mwa makoma. Kusefa kumatheka pokhapokha mpweya utazingidwa, ndipo mulu wa zotsalira wotambalala mahekitala ambiri pansi pa thambo sungazingidwe. Woyendetsa makina okumbira angakhale mumpweya woyera, koma pansi pa makinawo pali anyamata okumba ndi mapiki, amayi ophwanya miyala ndi nyundo kuti akagulitse kwa omanga nyumba, opakira matumba, alonda a pageti ndi ogulitsa zakudya, ndipo fumbi limene makinawo amatibula limagwera iwowa. Lipoti la Human Rights Watch la mu Malichi 2025 linafotokoza mmene zotsalira zamgodi zakhala zikututidwa pamalole n'kukaunjikidwa m'malo ena a tauniyi, pafupi ndi misewu ndi nyumba, poyembekezera kuyengedwa. Ambiri mwa okumba pamanjawa sanalembedwe ntchito ndi aliyense, kotero kuti sapimidwa ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe monga amachitira ogwira ntchito m'migodi ikuluikulu, ndipo akadwala alibe bwana womutchula ku Workers' Compensation Fund Control Board. Sefa ikufanana ndi neti yoteteza ku udzudzu, imene imapulumutsa wogonamo yekha koma siumitsa chithaphwi, ndipo otsutsa amati ku Kabwe chithaphwicho chikukuzidwa ndi ntchito yomwe ikupempha manetiwo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi imene mainjiniya ozolowera silika amaiphonya kawirikawiri. Silika amavulaza akapumidwa basi, koma mtovu umamezedwanso: umakhala m'zikhadabo za munthu amene akudya nsima pamthunzi wa lole, pandudu imene akusuta, m'tsitsi, pa ovolosi ndi pa jombo zimene amapita nazo kunyumba, komwe mkazi wake amazichapa ndipo mwana wokwawa amaseweretsa. Dalaivala yemwe uja, akatsika kukakonza tayala n'kukweranso ndi dothi kumapazi, amalowetsa yekha m'chipinda chake fumbi limene sefa ya mpweya wolowa sinalione. Kafukufuku wa John Yabe wa pa University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido University, wofalitsidwa mu 2015, anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu n'kupeza kuti onse anali ndi mtovu wopitirira mamayikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, mlingo umene World Health Organization imati ukafika pamafunika kuchitapo kanthu, ndipo ambiri anapitirira 45, pamene madokotala amayamba kupereka mankhwala okoka mtovu m'thupi. Ana amenewa sanalowepo m'fakitale, ndipo palibe sefa ya pantchito imene ikadawafikira.

Chachitatu, otsutsa amakayikira ngati sefa ingakhale yamoyo kwa nthawi yaitali pamalo ngati awa. Sefa imatsekeka ndi fumbi ndipo iyenera kusinthidwa, yatsopano imagulidwa kunja ndi madola, thumba limodzi long'ambika mu baghouse limatulutsa fumbi lochuluka popanda woona, ndipo choziziritsira m'chipinda cha woyendetsa chikangofa dalaivala amatsegula windo, chitetezo chonse n'kuthera pomwepo. Mafani amafuna magetsi, ndipo chilala cha 2024, chimene chinatsitsa madzi ku Kariba mpaka boma kulengeza kuti dziko lili pangozi, chinasonyeza kuti magetsi a m'madamu angathime maola ambiri patsiku. Kampani ikayatsa jenereta, chiyeso chimakhala chakuti mafuta apite ku makina obweretsa ndalama, osati ku mafani. Sefa yakufa imaipa kuposa kusakhala nayo, chifukwa wantchito amavula masiki pokhulupirira kuti ndi wotetezedwa. Palinso munthu amene zikalata zotsatsa malonda sizimutchula, amene amalowa mu baghouse kukasintha matumba ndi kukokolola fumbi losonkhanitsidwa, ntchito imene ili m'gulu la zoopsa kwambiri pamalo oyengera mtovu ndipo kawirikawiri imapatsidwa kwa aganyu.

Mbiri ya tauniyi imawapatsa otsutsa mphamvu ina. Matumba osefera utsi wa ng'anjo za mtovu anali akugwiritsidwa kale ntchito ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Broken Hill isanapezeke n'komwe, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dokotala A. R. L. Clark anapeza mtovu wochuluka m'magazi a ana a ku Kasanda, komwe mphepo imapititsa utsi wa ng'anjo. Chimene chinasowa sichinali luso, koma womukakamiza mwini mgodi kuligwiritsa ntchito mokwanira. Mlandu umene maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu la Johannesburg mu Okutobala 2020, m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, ukuzungulira pa funso lomweli la amene ankadziwa ndi zimene anachita; Anglo American imakana mlanduwo ponena kuti sinali mwini kapena woyendetsa mgodi, khoti linakana mu Disembala 2023 kuti odandaula asume monga gulu limodzi, ndipo iwo anachita apilo. Chotero otsutsa amafuna kuti ndalama ndi mphamvu za boma zipite pogwero: miluyo itchingidwe ndi mpanda, ikwiriridwe ndi dothi labwino n'kubzalidwa udzu, misewu ya m'makomboni ithiridwe phula, malole aziphimbidwa, ndipo kututa zotsalira kuimitsidwe mpaka patapezeka njira yosatibula fumbi. Amadandaula kuti ngongole ya madola mamiliyoni 65.6 imene World Bank inavomereza mu 2016 yokonzera malo owonongeka ndi migodi inathandiza kuyeza ndi kuchiza ana, koma mulu weniweniwo unatsala wosakwiriridwa.

Ovomereza ali nalo yankho, ndipo si lopepuka. Kukwirira matani mamiliyoni 6 ndi ntchito ya zaka, imene nayonso idzafuna makina ndi madalaivala opuma fumbi lomwelo, pamene anthu akupita kuntchito mawa m'mamawa. Kuletsa kukumba m'tauni imene inataya mgodi, ndipo pambuyo pake ntchito zambiri za njanji ndi za fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles, kungangosamutsira ntchitoyo usiku. Madzi, amene otsutsa amawadalira, amathandiza akanyowetsa miyala isanaphwanyidwe, koma sagwira bwino tinthu tating'ono tikauluka kale, makamaka utsi wa ng'anjo umene tinthu take timachepera mayikulomita imodzi, ndipo madzi otsuka mtovu amayenera kupita kwinakwake, monga anthu okhala m'mbali mwa ngalande yochokera kumgodi akudziwira. Amawonjezanso kuti kuyenga zotsalira m'fakitale yotsekedwa bwino, ngati mmene kungachitikire pa fakitale ya Sable, imene kampani ya Jubilee Metals inagula mu 2019, ndi njira imodzi yochotsera chitsulo m'miluyo ndi ndalama zochokera m'chitsulo chomwecho.

Poyeza mbali ziwirizi, zikuoneka kuti zikukangana pa anthu osiyana. Pamakina ophwanya miyala, pang'anjo ndi m'chipinda cha woyendetsa, ovomereza akunena zoona, ndipo palibe chifukwa chomveka chololera kampani kuyenga mtovu mu zaka zino popanda zipangizo zimene zinalipo kale m'nthawi ya agogo. Pamenepa otsutsa akamanyoza sefa amathandiza bwana wosafuna kugula. Koma otsutsa ndiwo agwira mfundo yolemera kwambiri, chifukwa ngozi yeniyeni ndi yakuti sefa isanduke umboni pamaso pa Zambia Environmental Management Agency wakuti ntchito yonse ndi yabwino, chikhalirecho gawo lochuluka la fumbi limabadwa miyala isanafike pageti la fakitale, pokumba, popakira, panjira ndi pamilu yongoyembekezera. Fakitale ingathe kupambana mayeso onse a mpweya wa mkati mwake pamene ikugula miyala kwa anthu amene akuikumba ndi manja opanda kanthu.

Chiphaso choyenera, motero, chiyenera kufuna sefa ndi zina zimene sefa siingachite: malo osambira ndi osinthira zovala kuti ovolosi isapite kunyumba, chipinda chodyera chosiyana ndi malo a ntchito, buku losonyeza tsiku limene sefa iliyonse inasinthidwa, ndi lamulo lakuti mafani akaima, makina ophwanya miyala aimenso. Muyezo wake usakhale kachipangizo kopachikidwa pakhoma, koma kamene wantchito amavala paphewa tsiku lonse, pamodzi ndi kuyeza magazi miyezi ingapo iliyonse, popeza magazi okha ndiwo amasonyeza mtovu wopumidwa ndi womezedwa pamodzi, ndipo amene mtovu wake wakwera azichotsedwa pafumbi osadulidwa malipiro, apo ayi aliyense adzathawa kuyezedwa. Chovuta chimene chatsala ndi cha okumba pamanja, poti malamulo a chitetezo pantchito amamangirira udindo pa wolemba ntchito, ndipo iwo alibe. Njira yapafupi ndi kuika udindowo pa wogula, kuti kampani iliyonse yolandira miyala yochokera pa miluyi ilembe mayina a oigulitsa, ilipire kuyezedwa kwa magazi awo, ndipo ziwerengero zake, popanda mayina, zizikhomedwa pa ofesi ya khonsolo ya Kabwe pamodzi ndi za antchito ake a mkati.